"Sikanapezeke": Ndemanga pa Chichewa cha Miyezo ya Sayansi

Mphunzitsi wina wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Chiradzulu ananditumizira nkhani yake ya masamba asanu ndi limodzi kuti ndiiunike asanaipereke kwa osindikiza. Cholinga chake n'chofuna kufotokozera makolo ndi ophunzira, m'Chichewa, za makina otchedwa mass spectrometer, amene masiku ano amagwiritsidwa ntchito poyeza magazi, chakudya, madzi, nthaka ndiponso zinthu zamakedzana zofukulidwa pansi. Mwiniwake wandilola kuti ndemanga zanga ndizitulutse muno. Dzina lake ndalisunga, popeza zolakwa zimene nditchule si zake yekha ayi. Ndaziwerengapo m'timapepala ta zaumoyo, ndazimvapo pa wailesi, ndipo zina mwa izo ineyo ndinazilembapo.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Mlembiyu sanagwe mu msampha umene ambirife timagwamo, wotenga chiganizo cha Chingerezi n'kuchiveka malaya a Chichewa pamene mafupa ake ali a eni ake. Nkhani yake waiyambira pa msika wa Mbulumbuzi, pamene mayi wina akugulitsa nandolo wake, ndipo kuchokera pa sikelo ya pamsikapo wamutenga wowerenga pang'onopang'ono mpaka kukamufikitsa m'malabotale a kunja. Mawu obwereka wawalemba bwino: atomu, maatomu, kilogalamu, makilogalamu. Nambala waiika pambuyo pa dzina monga mwa chiyankhulo chathu, "makilogalamu 50", osati "50 makilogalamu" monga achitira ena. Chokhacho n'chakuti m'ndime imodzi walemba "muyeso", m'ndime yotsatira "muyezo". Mawu onsewa alipo, ndipo m'mabuku akale "muyeso" ndiye wochuluka. Koma popeza lero "kuyesa" anthu amakumva ngati kuyeserera kapena kulembetsa mayeso, pamene "kuyeza" ndiko kwa pa sikelo, ine ndikadasankha "muyezo" n'kukhala nawo mpaka kumapeto.

Vuto loyamba lili pa dzina la makinawo. Mlembi wawatcha "sikelo yoyezera tinthu tosaoneka ndi maso". Mawuwa ndi okoma kuwamva, koma akupereka chithunzi cholakwika. Wowerenga aona m'maganizo mwake kambale kakang'ono, pamene munthu wovala zoyera akuikapo atomu imodzi n'kuwerenga muvi. Makinawa sagwira ntchito motero. Chinthu chimene akufuna kuchiyeza amachisandutsa mpweya kapena timadontho tofayidwa, kenaka tizigawo take timapatsidwa mphamvu ya magetsi n'kuthamangitsidwa m'chubu chimene achotsamo mpweya wonse. M'makina a mtundu wakale, maginito ndiwo amakhotetsa njira ya tizigawoto: topepuka timakhota kwambiri, tolemera timakhota pang'ono, ndipo motero timakafika pa malo osiyana. M'makina ena timachita ngati mpikisano wothamanga, topepuka n'kuyamba kufika. Kumapeto kuli chipangizo chowerenga kuchuluka kwa gulu lililonse. Choncho mayankho amene amatuluka ndi awiri: muli zinthu zanji, ndipo chilichonse chilimo chochuluka motani.

Ntchito yotereyi Mchewa amaidziwa kale, ndipo si ya sikelo. Ndi ya lichero. Mayi akamapeta, gaga wopepuka amapita kutsogolo, mphale n'kutsala, timiyala tolemera n'kusonkhana patokha. Salemba kulemera kwa njere iliyonse, koma kusiyana kwa kulemera ndiko kumamuthandiza kupatula. Chithunzi chimenechi chikadamuthandiza mlembi kufotokoza ngakhale mbiri ya makinawo, imene waingotchula mothamanga. M'chaka cha 1913, J. J. Thomson wa ku Cambridge anaona kuti mpweya wa neon ukusiya mizere iwiri m'malo mwa umodzi. M'chaka cha 1919, Francis Aston, amene ankagwira naye ntchito, anapanga makina abwinopo n'kutsimikiza kuti neon ili ndi maatomu a mitundu iwiri, ena olemera 20, ena 22. Zinthu zimene anthu onse ankaziyesa chinthu chimodzi anazipeta, zinapatukana. Aston analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1922.

Nanga dzinalo tilitani? Kulilemba mwa Chichewa, "masi sipekitiromita", ndaona kuti n'kuzunza lilime popanda phindu, pakuti amene sadziwa Chingerezi samvapo kanthu, ndipo amene amachidziwa salizindikiranso. Kupeka dzina latsopano, monga "chipetero", kumandikopa ndithu, koma mawu opekedwa mu ofesi ambiri amafera mu ofesi momwemo. Amene amakhala ndi moyo ndi aja ofotokoza chinthu poyera, monga "wailesi yakanema" ndi "njinga yamoto". Ine ndikuti dzina la Chingerezi lilembedwe kamodzi monga liliri, kenaka tizingoti "makina opatula tizigawo potengera kulemera kwake", ndipo wowerenga akazolowera, "makina opatulawa". Za kusiyana kwa mass ndi weight, kumene aphunzitsi a fizikisi amalimbana nako m'kalasi, sindikambapo zambiri. M'nkhani ya anthu onse "kulemera" n'kokwanira. M'buku la sukulu mokha ndi mmene tingabwereke liwu loti "masi" n'kulimasulira bwino.

Vuto lachiwiri ndi liwu loti "molondola". Lapezeka kasanu ndi kawiri m'nkhaniyi, ndipo nditayang'ana zolemba za Chingerezi zimene mlembi anatengako mfundo zake, ndaona kuti likuimira mawu awiri osiyana, accuracy ndi precision. Asayansi sawasokoneza mawu amenewa, ndipo mlimi wa nandolo wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe sangawasokonezenso mutamufotokozera ndi zimene amaziona. Tiyerekeze kuti thumba lili ndi makilogalamu 50 enieni. Mwaliika pa sikelo ya wogula wina kasanu, ndipo kasanu konseko muvi waloza pa 45. Sikelo imeneyi ndi yosasinthasintha, koma si yoona. Mwaliika pa sikelo ina yakale, muvi waloza pa 48, kenaka 52, kenaka 50, kenaka 51, kenaka 49. Iyi ndi yosinthasintha, komabe mayankho ake akuzungulira pa choonadi. Yoopsa ndi yoyamba ija, chifukwa kusasinthasintha kwake kumachititsa munthu kuikhulupirira. Sikelo yobera alimi nthawi zonse imakhala yokhazikika bwino.

Tikati makina a masiku ano "amayeza molondola kwambiri", tabisa funso lofunika, lakuti kodi awayerekeza ndi chiyani. Makina a mtundu wa Orbitrap, amene Alexander Makarov anawapanga ndipo anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2005, amatha kusiyanitsa tizigawo timene kulemera kwake kukusiyana ndi magawo owerengeka chabe mwa magawo miliyoni. Koma ngakhale makina otere amayamba apatsidwa chinthu chodziwika kale kulemera kwake kuti awachune, monga mmene a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, amayendera ndi miyala yawo yotsimikizika poona masikelo a ogulitsa. Choncho ndikupempha alembi kuti tikhale ndi mawu awiri: "muyezo woona" ndi "muyezo wosasinthasintha". Si mawu okongola kwenikweni, koma sanamiza munthu.

Pamenepa mlembi waphonya mwayi. Walemba kuti kilogalamu yeniyeni ndi chitsulo chosungidwa ku France. Zinali choncho kuyambira 1889, pamene chitsulo cha platinum ndi iridium chinasungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Koma pa 16 Novembala 2018 mayiko anagwirizana zosintha, ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2019 kilogalamu imatanthauziridwa potengera nambala yosasintha ya m'chilengedwe yotchedwa ya Planck. Imodzi mwa njira zimene zinathandiza kupeza nambalayo inali yowerenga maatomu a mu mpira wa silicon wosalala kwambiri, ndipo makina opatulawa ndiwo anayeza mitundu ya maatomu a mu mpirawo. Ndime imeneyi ikonzedwe. Buku limene anatengamo mfundoyi linakalamba.

Vuto lachitatu ndi la manambala aang'ono kwambiri, ndipo apa ndikuyankhula makamaka ndi akonzi. Mlembi akukamba za poizoni wa aflatoxin, amene amapezeka mu mtedza ndi m'chimanga chosasungidwa bwino. Poyamba wamutcha "chuku", monga tonse timachitira. Koma chuku ndi nkhungu imene imamera pa mbewu, yooneka ndi maso, pamene aflatoxin ndi poizoni amene nkhunguyo imatulutsa, wosaoneka, wosanunkha, ndipo sathawa moto wa pa chiwaya. Mtedza ungathe kuoneka woyera koma uli ndi poizoni. Tikauza mayi kuti "muli chuku", iye n'kuyang'ana osaona chuku, adzati akunama, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Tizinena kuti "poizoni wochokera ku chuku". Poizoniyu anadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zambirimbiri zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wa ku Brazil, ndipo lero n'zodziwika kuti amayambitsa khansa ya m'chiwindi.

Tsono mlembi walemba kuti mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu umene uli ndi poizoniyu woposa "4 mg pa kilogalamu". Pamene Chingerezi chinalemba µg, iye, kapena womutayipira, walemba mg. Kachilembo kamodzi kokha, koma muyezo wakula ka 1,000. Malire enieni ndi mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu. Miligalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a galamu, pamene maikirogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000. Cholakwa chimenechi chinkachitika kawirikawiri m'masiku a taipulaita, imene inalibe chilembo cha µ, koma ndachionanso m'zolemba za pa kompyuta. Ndikuti m'nkhani za Chichewa tizilemba liwu lonse, "maikirogalamu", ndipo chidule tizisiyira ma tebulo. Tisamaikenso "s" kutsogolo kwa zidulezi: "kgs" si Chichewa, si Chingerezi, si sayansi.

Ngakhale titalemba bwino, "mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu" sakuuza wowerenga kalikonse. Mlembi wayesa kuthandiza ponena kuti ndi "kachigawo kakang'onong'ono mwa zikwizikwi". Mawu oti "zikwizikwi" ndi a m'nthano ndi m'nyimbo za m'tchalitchi, kumene amagwira ntchito yake bwino, si nambala. Masamu ake ndi awa: mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu ndi chimodzimodzi magalamu 4 m'matani 1,000, kapena kuti kasupuni kamodzi ka shuga komwazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Munthu wa ku Chiradzulu amalidziwa thumba la makilogalamu 50 pa msana pake. Mukamuuza kuti pali makina otha kuzindikira kasupuni kamodzi m'matumba ochuluka chotere, wamva zonse zimene mumafuna kuti amve.

Ndafika pa chiganizo chimene chinandichititsa kulemba ndemangazi. Chakumapeto kwa nkhani yake, pofuna kuonetsa mphamvu ya miyezo ya makono, mlembi walemba kuti: "Munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, akakayezetsa magazi kachirombo sikapezekanso." Ndipo pofotokoza zotsatira za kuyeza kwina walemba kuti "mankhwala munalibe m'magazi mwake."

Boma la Chiradzulu lili ndi mbiri yaitali pa nkhani imeneyi. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'bomali m'chaka cha 2001, zaka zitatu boma lisanayambe kuwapereka kwaulere m'dziko lonse m'chaka cha 2004. M'chaka cha 2013, m'zipatala zina zazing'ono za m'bomali munafika makina otchedwa SAMBA, opangidwa ndi akatswiri a ku Cambridge, oyeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi pompopompo. Makina amenewa si a mtundu wa opatula aja, koma phunziro lake ndi limodzi. Iwo sankanena kuti tizirombo tilipo kapena palibe. Ankangonena ngati tapitirira 1,000 pa mililita imodzi kapena sitinafike pamenepo. Makina a m'malabotale aakulu amaona pansi kuposa apo, mpaka makumi ochepa chabe pa mililita, komabe nawonso ali ndi polekezera. Palibe makina padziko lapansi amene amayeza "palibe". Onse amangoti, pansi pa mlingo wakutiwakuti sindithanso kuona.

Tsono taonani chimene chimachitika liwu la Chingerezi loti undetectable likalowa m'Chichewa. Kwa zaka zambiri anthu athu aphunzira kuti kuyezetsa magazi kuli ndi mayankho awiri okha: "wapezeka nako" kapena "sanapezeke nako". Mawu oti "sanapezeke ndi kachirombo" ndi amene amauzidwa munthu amene alibe HIV. Ndiye munthu amene wakhala akumwa mankhwala kwa zaka khumi akawerenga kuti kwa iye "kachirombo sikapezekanso", khutu lake limamva chiganizo chomwe chija chimene mnzake wopanda kachirombo anauzidwa. Mwa malamulo a chiyankhulo, mlembi sanalakwe. Wamasulira liwu ndi liwu. Koma mawuwo anatengedwa kale ndi tanthauzo lina, ndipo wowerenga sangawamve mwatsopano chifukwa chakuti ife tafuna. Choonadi n'chakuti kachirombo kadakalimo, kobisala m'maselo a thupi, ndipo munthu akasiya mankhwala kamachulukananso pakangopita milungu yochepa. Ngati pali munthu mmodzi yekha amene angaike botolo lake pansi chifukwa cha chiganizo chathu, ndiye kuti chiganizocho n'choipa, kaya chikhale chosalala motani.

Chiganizo chachiwiri chija chikukhudza makina opatulawo mwachindunji. M'chaka cha 2019 dziko la Malawi linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala atsopano okhala ndi dolutegravir. Ofufuza anatsatira anthu pafupifupi 1,900 a ku Chiradzulu pa kusinthaku, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet HIV m'chaka cha 2022. Munthu akapezeka ndi tizirombo tochuluka pamene ali pa mankhwala, pamakhala mafunso awiri: kodi kachirombo kapima moti mankhwala sakukagwiranso, kapena mankhwalawo sakumwedwa? Njira imodzi yoyankhira funso lachiwirili ndi kuyeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi, ndipo ntchito yotere masiku ano imachitika ndi makina opatulawa. Koma apanso yankho la makina ndi lakuti "pansi pa mlingo wakuti". Ife tikalisandutsa "munalibe mankhwala", tayamba kale kuimba munthu mlandu woti sanamwepo n'komwe, pamene makina angonena kuti pa tsiku limene magazi anatengedwa mankhwala anali ochepa kwambiri. Mwina anadumphitsa masiku angapo chifukwa cha ulendo kapena maliro. Mwina pali chifukwa china chimene dokotala ayenera kufufuza. Makina sanaweruze, woweruza ndi womasulira.

Wina anganene kuti ndikufuna Chichewa chotalika, chakuti pamene Mzungu wanena liwu limodzi ife tinene asanu ndi atatu. Ndikuvomera, ndipo sindikuona chochititsa manyazi pamenepo. Liwu la Chingerezilo ndi lalifupi chifukwa chakuti amene analipanga amadziwa kale za polekezera pa makina. Mlimi wa ku England amene sanaphunzire sayansi nayenso limamusocheretsa. Kufupika kwake si nzeru ya chiyankhulo, ndi chizolowezi cha kagulu ka akatswiri. Ife tikulembera anthu amene sali m'kaguluko, choncho chimene akatswiri amachisiya kukhosi tiyenera kuchitulutsa. Izi zikukhudzanso chizindikiro cha ±, chimene mlembi wachichotsa paliponse, mwina poganiza kuti n'chosokoneza. Pokamba za kupeza zaka za makala ndi mafupa ofukulidwa pansi pogwiritsa ntchito carbon-14, njira imene kuyambira m'chaka cha 1977 yakhala ikuchitikanso ndi makina opatula amphamvu kwambiri ongofuna kachidutswa kochepa, iye wapereka zaka ngati kuti wina analipo n'kulemba tsiku. Wasayansi akalemba 1,200 ± 40 akunena kuti sakudziwa chaka chenicheni, koma akudziwa kukula kwa kusadziwa kwakeko. M'Chichewa tingati "zaka 1,200, mwina kuchotsapo kapena kuonjezapo 40". Liwu loti "pafupifupi" palokha silikwanira, chifukwa silinena kuti kufupikako n'kotani.

Sindikufuna kuti aphunzitsi ena amene akuganiza zolemba nkhani zotere agwe mphwayi poona kuchuluka kwa inki yofiira. Kuyambira pamene Bungwe la Chichewa linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, mpaka pamene ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba m'chaka cha 1996, mphamvu zathu zambiri zinathera pa kalembedwe: poika mpatuliro, polemba "l" kapena "r", mawu olumikiza ndi olekanitsa. Inali ntchito yofunika. Koma mawu a miyezo sakonzedwa ndi malamulo a kalembedwe okha. Amafuna kuti mlembi akhale pansi ndi munthu wa mu labotale n'kumufunsa kuti, "Kodi pamene mwalemba chonchi, n'chiyani chimene mukudziwa, ndipo n'chiyani chimene simukudziwa?" Paja safunsa anadya phula. Mphunzitsi wathuyu anafunsa mtanthauziramawu yekha, ndipo mtanthauziramawu anamupatsa liwu lililonse molondola, mwa tanthauzo lachiwiri lija.

Nkhaniyo ndaibweza kwa mwiniwake ndi pempho loti aisindikize akaikonza, chifukwa ndi yofunika. Pa chiganizo cha kachirombo ndamulembera m'mphepete njira ziwiri kuti asankhepo. Yoyamba: "Munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, tizirombo timachepa kwambiri m'magazi moti makina satha kutiwerenga, ngakhale kuti tidakalimo." Yachiwiri ndi yaifupi: "Mankhwala amakafoola kachirombo, koma sakachotsa." Ndamupemphanso kuti asanasankhe, akawerenge ziganizo zonse zitatu, chake ndi zanga ziwirizi, pamaso pa anthu angapo amene amalandira mankhwalawa, popanda kuwafotokozera kanthu, kenaka afunse aliyense payekha kuti wamva zotani. Wandiyankha kuti achita zimenezi mwezi wa mawa sukulu ikatsekera.